Tauni ya Salima ikulire kuti? Za mapuloti, makabaza ndi mathiraki

Nabanda wa ku Msangu: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za malo. Mlongo wanga amene ali ku Joni watumiza kandalama kuti ndimupezere puloti. Andionetsa malo atatu. Oyamba ali cha ku Kaphatenga, m'mphepete mwenimweni mwa tala. Achiwiri ali njira ya ku Senga Bay. Achitatu ali mkati ndithu, kuseri, kumene galimoto imafika movutikira nthawi ya dzinja. Chondidabwitsa n'chakuti wogulitsa aliyense akuti "mayi gulani msanga, tauni ikubwera kuno." Kodi tauni imodzi ingalowere mbali zitatu nthawi imodzi?

Wa Sienta: Kaphatenga basi achemwali, musachedwe nazo. Magalimoto a ku Lilongwe, a ku Nkhotakota, onse amakumana pamenepo. Mukamanga shopu kumaso, nyumba kumbuyo, ndalama izikupezani muli pakhonde.

Mayi a Mpunga: Ndalama izikupezani pakhonde, thiraki nayo izikupezani pakhonde pomwepo kkkk

Wa Sienta: Aaa mayi, inu mumangoona zoipa zokhazokha.

Mayi a Mpunga: Si kuona zoipa ayi. Ine ndinachitapo lendi m'mbali mwa msewu umenewo zaka ziwiri. Usiku tulo osabwera chifukwa cha mabuleki a mathiraki, masana mtima uli m'mwamba chifukwa sukulu ya ana inali tsidya lina la msewu. M'mawa uliwonse ndinkasiya phala pamoto kukawaolotsa. Ndinasamuka chifukwa cha zimenezo, osati lendi.

Kabaza Weniweni: Ife kulikonse kumene mungamange tikufikitsani, bola musamadandaule mtengo.

Phiri Wopuma (za misewu): Nabanda, funso lanu ndi labwino kuposa mmene mukuganizira, ndipo si la puloti imodzi yokha. Ndiloleni ndilankhulepo pang'ono, poti ndinakalambira pa ntchito ya misewu. Taonani kaye mmene Salima anakhalira. M14 wochokera ku Lilongwe amakumana ndi M5 wa ku Nkhotakota pa Kaphatenga. Kuchoka pamenepo kukafika pa malo a malonda otchedwa Kamuzu Road, misewu iwiri ikuluikuluyi imayenda pa tala mmodzi. Pa Kamuzu Road mpamene M5 amapatuka kulowera ku Chipoka, Golomoti mpaka ku Balaka, pamene ife ena timapitirira kulowa m'tauni ndi kunyanja. Ndiye kachigawo kameneka kali ngati khosi la botolo. Thiraki yochokera ku Dwangwa kupita kummwera, basi ya ku Lilongwe, Sienta, ngolo, mwana wa sukulu, mayi wosenza nkhuni, onse pomwepo. Mukaika nyumba mazanamazana m'mbali mwa khosi limeneli, nyumba iliyonse ndi kanjira kake kotulukira pa tala, mwalifinya khosilo.

Wa Sienta: Koma bambo Phiri, magalimoto a ku Salima ndi angati? Izi si za ku Lilongwe pa mlatho wa ku Old Town. Kuno mutha kugona pa msewu masana osapondedwa.

Phiri Wopuma (za misewu): Mwafunsa kuti ndi angati. Yankho lake silichokera m'mutu, timawerenga. Tinkakhala pa mphambano ndi mapepala kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, masiku 7 otsatizana, ndipo masiku ena tinkachezera usiku wonse kuti tidziwe za mathiraki oyenda mdima. Chikadutsa chinthu, kamzere. Timizere tinayi, kachisanu kopingasa. Pakatha mphindi 15 mumayamba mzere wina, kuti pamapeto muone ola limene msewu umadzaza kwambiri. Ola limenelo ndi limene timapangira mapulani, osati masana amene inu mukufuna kugona pa tala aja. Komanso sitiphatikiza zonse pamodzi: galimoto zazing'ono pazokha, maminibasi pawokha, mabasi, mathiraki, njinga zamoto, njinga zakapalasa, ngolo. Pa mphambano timalembanso amene akupitirira, amene akukhotera kumanja ndi amene akukhotera kumanzere. Wokhotera kumanja ndiye wovuta, chifukwa amaima pakati pa msewu kudikira kuti obwera kutsogolo adutse, ndipo onse a kumbuyo kwake amaima naye.

Kabaza Weniweni: Apo mwatchula njinga ndakondwa. Chifukwa anthu a mapepala akabwera amaona galimoto zokha, ife ngati kulibe. Koma tauni ino imayenda pa njinga. Odwala kupita kuchipatala, njinga. Matumba a chimanga kupita kuchigayo, njinga. Aphunzitsi, njinga. Ndiye m'mbali mwa tala mukadyeka, ife timakakamizika kulowa pakati, thiraki ikaimba hutala umangodziponya kuthengo ndi kasitomala yemwe.

Phiri Wopuma (za misewu): Mukunena zoona achimwene, ndipo ndivomere kuti ifenso kale tinkalakwitsa pamenepo. Mabuku ambiri amene tinaphunzira analembedwa m'mayiko amene pafupifupi khomo lililonse lili ndi galimoto. Ukawatsatira osaganiza, umapeza kuti msewu wa Salima uli ndi malo ambiri, pamene munthu woyenda pansi alibe ndi poponda pomwe. Kuno tiyenera kuwerenga anthu, osati matayala okha. Ndiponso kuwerenga amene akuoloka msewu, osati ongoutsata.

Nabanda wa ku Msangu: Ndikumva bambo. Koma nyumbazo sizinamangidwe. Muwerenga bwanji anthu amene sanabwere?

Phiri Wopuma (za misewu): Mpamene pagona nkhani. Tiyerekeze chabe, manambalawa ndi ongopeka kuti timvetsetsane. Malo ena agawidwa mapuloti 500. Nyumba iliyonse anthu asanu, ndiye anthu 2,500. Aliyense akatuluka kamodzi n'kubwerera, ndi maulendo 5,000 pa tsiku. Tsopano theka la anthu amenewa lituluke pakati pa hafu 6 ndi hafu 7 m'mawa, ana kusukulu, akulu kuntchito ndi kumsika. Ndi anthu 1,250 pa ola limodzi, kapena kuti anthu oposa 20 mphindi iliyonse. Funso n'lakuti akupita kuti, ndipo adzera pati? Ngati sukulu, mjigo, chigayo ndi kamsika zili mkati momwemo, ambiri mwa iwo tala samuona n'komwe. Ngati zonsezo zili tsidya lina la M5, ndiye kuti mphindi iliyonse anthu 20 akupikisana ndi thiraki. Nyumba zomwezo, anthu omwewo, koma kwina mwamanga mudzi, kwina mwatchera msampha.

Mayi a Mpunga: Msampha umenewo ndi umene ndinathawa ine.

Agogo Aphunzitsi: Ana inu, tauni ino kutsatira njira sinayambe lero. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo masitolo ndi msika zinamera mozungulira siteshoni. Njanji yopitirira ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1979. Kenaka anthu atayamba kudalira kwambiri magalimoto kusiyana ndi sitima, malonda anayamba kukokekera ku Kamuzu Road. Ife tikukula, pakati pa malo awiriwa panali mipata, lero n'zolumikizana. Mawa mudzaona Kamuzu Road walumikizana ndi Kaphatenga. Tauni yotalika ngati njoka, yopanda mimba. Munthu wa kumchira kuti akafike kuchipatala ndiye ulendo.

Wa ku Joni: Moni kumudzi. Ine ndiye mwini ndalama uja kkkk, achemwali andilowetsa pa gulu. Maganizo anga ndi akuti vuto lonseli litha ndi bypass. Mathiraki azizungulira kunja kwa tauni, basi. Kuno kulibe thiraki yodutsa pakati pa msika.

Mayi a Mpunga: Takulandirani achimwene. Koma bypass yanuyo mwatiganizira ife? Mpunga wa ku Lifuwu umene ndimagulitsa, amagula ndi anthu apaulendo. A mango, a nsomba, a chips, a malo ogona, tonse timadya za odutsa. Mukawazungulitsa kunja, tidya chiyani?

Wa Sienta: Mayi, si inu nomwe mumadandaula za mathiraki pamwambapa?

Mayi a Mpunga: Ndimadandaula pogona, osati pogulitsa. Walira mvula walira matope, ndikudziwa. Koma munthu sumanga bedi pamsika.

Phiri Wopuma (za misewu): Mayiwa ayankha bwino kuposa ine. Pogulitsa ndi pogona zisiyane. Za bypass, achimwene a ku Joni, musanathire ndalama pamafunika kudziwa kuti mwa magalimoto odutsa pa Kamuzu Road ndi angati amene akungodutsa, ndipo ndi angati amene ulendo wawo ukuthera muno. Zimenezi kuwerenga timizere sikungakuuzeni. Tinkaimitsa magalimoto ena mothandizidwa ndi apolisi n'kufunsa dalaivala mafunso atatu: mwachokera kuti, mukupita kuti, mwanyamula chiyani. Mukapeza kuti ambiri ndi a muno momwemo, bypass idzakhala yopanda kanthu pamene m'tauni mukadali mothithikana. Chachiwiri, bypass imaitana anthu. Taonani ya ku Lilongwe yochokera pa Bunda kukatulukira msewu wa ku Mchinji, mmene m'mbali mwake mwamerera nyumba, mashopu ndi mafilling station. Mukapanda kuteteza m'mbali mwake, pakapita zaka mudzafuna bypass ya bypass.

Wa ku Joni: Ndiye tingokhala osachita kanthu?

Phiri Wopuma (za misewu): Ayi. Chotchipa kwambiri n'kusunga malo lero. Kujambula pa mapu kuti msewu wam'tsogolo udzadutsa apa, n'kuuza mafumu ndi anthu kuti pamenepa limani koma musamange. Kulima chimanga pa malo a msewu sikuvuta, mumakolola n'kuchoka. Koma nyumba ya njerwa zootcha ikakhalapo, ndiye nkhani ya chipukuta misozi, milandu, ndi misozi yeniyeniyo.

Mtsikana wa Mapulani: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali m'kalasi. Ndiwonjezere pa zimene anena bambo Phiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 37,000 m'tauni ya Salima, pamene mu 2008 analipo pafupifupi 28,000. Boma lonse la Salima linali ndi anthu oposa 478,000, ndipo ambiri mwa iwo amabwera pa boma pano kuchipatala, kubanki, kumsika. Ndiye msewu sukusenza a m'tauni okha. Chinanso, mu ndondomeko ya mizinda ing'onoing'ono yogwirizana ndi masomphenya a Malawi 2063, Salima ndi Chipoka anaikidwa pamodzi ngati amodzi mwa malo 8 oti adzakule kukhala mizinda, pamodzi ndi Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Liwonde, Mangochi ndi Monkey Bay, Luchenza komanso Bangula. Chifukwa chake n'chakuti ku Chipoka kuli doko, njanji ndi M5 malo amodzi. Zimenezi zikadzatheka, katundu wolemera adzachuluka mbali ya kummwera, ndipo funso la Nabanda lidzakhala ndi yankho lachinayi.

Wa Sienta: Chipoka? Achemwali munapitako liti? Doko lake lili zii. Mapulani a pa pepala tinayamba kuwamva tili ana.

Mtsikana wa Mapulani: Sindikukana kuti pali zii. Koma puloti simugulira chaka chino chokha. Amene anagula pafupi ndi Nanjoka kale ankadziwa kuti kudzabwera magetsi a dzuwa a 60 megawatts? Fakitale ya shuga njira ya ku Nkhotakota ija, thirakitala ndi mathiraki a nzimbe amene mukulimbana nawo pa M5 lero, zaka 20 zapitazo kunalibe. Chinthu chimodzi chachikulu chikabwera chimasintha msewu wonse.

Phiri Wopuma (za misewu): Ndipo ngakhale pasabwere chachikulu chilichonse, kukula kwapang'onopang'ono kumanyenga. Magalimoto akamachuluka ndi 5 pa 100 alionse chaka chilichonse, pakatha zaka 14 amakhala awirikiza kawiri. Mwana wobadwa lero asanalembe JCE, msewu uli ndi magalimoto owirikiza. N'chifukwa chake tikamayeza timayang'ana zaka 10, 15 kapena 20 kutsogolo. Za mathiraki a nzimbe mwatchulazo, pali chinthu china chimene anthu sadziwa. Tala saonongeka ndi kuchuluka kwa galimoto zazing'ono, amaonongeka ndi kulemera kwa katundu pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala chija. Mukawirikiza kawiri katundu pa ekiselo imodzi, kuononga kwake sikuwirikiza kawiri, kumafika pafupifupi ka 16. Ndiye mukaika malo osungira katundu kapena fakitale mkati mwa malo okhala anthu, timisewu ta m'makwalala timatha chaka chimodzi.

Kabaza Weniweni: Sienta zikwi sizifika thiraki imodzi? Ndiye a Sienta mwapulumuka, timayesa ndinu mukutikumbira maenje kkkk

Wa Sienta: Ife timangonyamula anthu 10 basi, olemera ndi ena.

Admin: Anthu 10 mu Sienta mukunena poyera pa gulu? Muli apolisi muno, samalani.

Namaseko wa ku Senga Bay: Nkhani yakomera ku Kaphatenga, mbali ya kwathu mwaiiwala. Njira ya kunyanja ndi yabwino kukhala, kamphepo kaliko, mathiraki akuluakulu ndi ochepa. Koma amene akuwerenga magalimoto asadzabwere Lachiwiri n'kumati aona. Abwere Loweruka, abwere pa Khirisimasi, pa Pasaka, makamaka pa 15 October tsiku la anakubala. Lilongwe yense amatsikira kuno, mabasi a mipingo, a masukulu, ena atamwa kale kuchokera ku Mvera. Ndipo msewu ndi umodzi wokhawo, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma. Ngozi ikachitika pakati, ambulansi ilibe kwina kodzera. Kuwonjezera apo m'mawa muli magalimoto ndi njinga za nsomba zothamangira msika usipa usanaonongeke.

Phiri Wopuma (za misewu): Mwakumbutsa chinthu chofunika mayi. Salima ali ndi nyengo zake. Sabata ya mu February, mvula ili pakati, anthu ali kumunda ndipo ndalama kulibe, si yofanana ndi ya mu June pamene mpunga, thonje ndi chimanga zikupita kumsika. Wowerenga mwezi umodzi wokha amanama osadziwa kuti akunama. Ndipo mfundo ya njira imodzi ija ndi yaikulu. Dera lililonse latsopano liyenera kukhala ndi potulukira pawiri, ngakhale pachiwiripo pakhale pa fumbi.

Agogo Aphunzitsi: Musaiwale madzi. Dziko lino ndi lathyathyathya, dothi lake malo ambiri ndi makande. Chilimwe mumaona bwalo labwino louma gwa, dzinja likafika ndi dambo. Linthipe akakwiya sakambirana ndi munthu. Malo a mkati amene akunena Nabandawo akhoza kukhala abwino pothawa mathiraki, koma mukafunse achikulire a pamalopo kuti madzi amafika pati. Osafunsa wogulitsa.

Nabanda wa ku Msangu: Agogo, wogulitsayo anandiuza kuti madzi sanafikepo chibadwire chake. Koma ndinaona nyumba yoyandikana nayo ili ndi mzere wakuda m'khoma, kufika m'mawondo.

Mayi a Mpunga: Khoma silinama.

Wa ku Joni: Ndiye kulikonse kuli vuto. Kaphatenga mathiraki, Senga Bay njira imodzi, mkati madzi. Ndalama zanga ndingodyera kuno?

Phiri Wopuma (za misewu): Musakhumudwe achimwene. Ine maganizo anga, ndipo ena atha kutsutsa, ndi akuti tauni ikule monenepa osati motalika. Kutanthauza kuti malo ouma amene ali kuseri kwa misewu ikuluikulu, mtunda woti munthu atha kuyenda pansi kapena pa njinga kukafika kumsika ndi kuchipatala, ndiwo ayambe kudzaza. Koma asanagawidwe, misewu ya mkati ijambulidwe kaye, yotakata bwino, ndi ngalande zake, ndipo malo a sukulu ndi msika asungidwe. Timisewu tonse ta mkati tizisonkhana n'kutulukira pa tala malo amodzi kapena awiri okonzedwa bwino, pamene pali poima maminibasi ndi pooloka anthu. Amene akufuna mashopu m'mbali mwa M5 akhale ndi kamsewu kawo kapambali koyenda motsatana ndi tala, kuti woima kugula asaime pa msewu waukulu. Ndalama zokonzera dothi la makande ndi zambiri, sindikubisa. Koma n'zochepa poyerekeza ndi kudzagwetsa nyumba.

Wa Sienta: Zokoma kumva. Koma amagawa malo ndi ndani? Munthu ali ndi munda wa makolo ake, mwana akufuna fizi, wadula kachidutswa wagulitsa. Mawa wadulanso. Mumuuza kuti adikire mapu? Njira imene imatsala ndi yoti ngakhale Sienta yanga siikwana, maliro amachita kunyamula pamanja mpaka ku tala.

Mtsikana wa Mapulani: Apo mwalasa. Malamulo alipo: la mapulani a malo la 2016, la malo a makolo la 2016 limene linabweretsa makomiti a malo m'midzi, ndi la zachilengedwe la 2017 limene limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye zisanayambe. Koma munthu wodula puloti imodziimodzi sawoneka ngati ntchito yaikulu. Mapuloti 500 ogulitsidwa ndi anthu 100 osiyana amabweretsa anthu omwe aja 2,500, popanda amene anawerengapo kanthu. Chimene ndaona chikuthandiza ndi pamene eni minda oyandikana agwirizana ndi amfumu, n'kuitana a mapulani a ku khonsolo kuti awajambulire onse pamodzi. Aliyense amataya kachidutswa ka msewu, koma puloti yofikika ndi galimoto imagulidwa mtengo wabwino kuposa yodzera kuseri kwa bafa la mnzako.

Wa Sienta: Kugwirizana anthu 100 pa nkhani ya malo? Mwina ku Chipoka kwanuko.

Agogo Aphunzitsi: Pa manda timagwirizana, pa dambwe timagwirizana, palibe amamangapo. Ndiye kuti kusunga malo timadziwa. Msewu wokha ndi umene timauona ngati wa boma, osati wathu.

Phiri Wopuma (za misewu): Nabanda, puloti ya ku Kaphatenga ija, musanapereke ndalama mukayeze. Misewu ikuluikulu ngati M5 ndi M14 ili ndi malo ake osungidwa, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Poyambira ndi pa mzere wapakati, osati m'mphepete mwa tala. Mukapeza kuti theka la puloti lili mkati mwa mamita amenewo, dziwani kuti mukugula malo a Roads Authority kwa munthu amene si mwini wake. Tsiku lokuza msewu mudzangoona chizindikiro chofiira pakhoma.

Nabanda wa ku Msangu: Mamita 30 ndi mapazi angati? Ndilibe tepi.

Kabaza Weniweni: Tepi ndikabwereka kwa mmisiri wina pa siteji pathu. Ndikutengani ine, ulendo wopita mulipira, wobwerera ndi wa gulu.

Phiri Wopuma (za misewu): Mukapita, musapite masana. Mukafike hafu 6 m'mawa tsiku la sukulu, muime pa puloti ola limodzi ndi kope. Lembani chilichonse chodutsa, ndi ana onse amene aoloke msewu. Mukatero mukayende pansi kuchoka pa puloti kukafika pa sukulu yapafupi ndi pa mjigo, muone mphindi zake ndi kuti mwaoloka tala kangati. Ku Senga Bay mukachite zomwezo Loweruka madzulo. Kwachitatu kuja dikirani mvula yoyamba yamphamvu.

Wa ku Joni: Mvula yoyamba? Ndiye mpaka December? Randi ikhala itatha achemwali.

Nabanda wa ku Msangu: Ndalama zanu zili bwinobwino ku banki achimwene, sindinadyepo. Kupatula ya kabaza ya Lolemba.

Namaseko wa ku Senga Bay: Loweruka mukabwera mundiimbire, tidzawerengere limodzi pakhonde panga. Mubwere ndi makope awiri, limodzi silikwana.

Mtsikana wa Mapulani: Mukamaliza mundijambulire mapepalawo munditumizire. Bambo Phiri, fomu yowerengera ija muli nayo yakale? Ndikufuna ndione mmene munkagawira mizere.

Phiri Wopuma (za misewu): Ndiyang'ana m'katoni, ngati chiswe chinandisiyirako. Koma mudzawonjezere mizere iwiri pamanja. Ya nthawi yathu inalibe njinga zamoto, ndipo oyenda pansi tinkawalemba kumbuyo kwa pepala.